Mutu 6: Zimene a Chidendene Ananena Foni Isanazimitsidwe

1. Omvera 23

Kusukulu onse ankamutchula mtsikanayu kuti Mafunso. Dzinali analipeza ali Fomu 1, tsiku lomwe anapanikiza mphunzitsi wa sayansi ndi mafunso mpaka belu linalira phunziro lisanayambe bwino. Tsopano anali Fomu 3, ndipo mafunso akewo anali atawapezera ntchito.

Anali ndi podikasiti. Iyi ndi pulogalamu ya mawu yomwe munthu amajambula n'kuiika pa intaneti, kuti ena aimvere pa foni nthawi imene afuna. Pa yakeyo ankacheza ndi anthu a ntchito zamanja. Anali atacheza kale ndi wometa, wowotcherera zitsulo ndi mayi woluka madengu.

Vuto linali limodzi. Atatulutsa magawo asanu ndi atatu, omvera anali 23 okha.

"Pa 23 pomwepo chotsapo mayi ako, ine, ndi amalume ako," anatero msuweni wake Changu, mtsikana wa msinkhu wake yemwe ankamuthandiza kufalitsa pulogalamuyo. "Otsalawo mwina anangodina molakwitsa."

Mafunso anaseka, koma mumtima zinamuwawa. Wailesi ina inali italengeza mpikisano wa achinyamata. Wopambana akaphunzitsidwa kujambula mawu pa tchuthi chonse. Kuti munthu alowe nawo, pulogalamu yake inayenera kukhala ndi omvera 200 mwezi usanathe. Kunatsala masabata atatu.

2. Kuseri kwa sitolo

Loweruka masana Mafunso anapita kwa bambo wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya utoto. Anthu ankawatcha a Chidendene. Anali atakhala pakhondepo zaka makumi anayi, ndipo mpando wawo unali utadya simenti n'kusiya timaenje tinayi.

Pamsewu pankadutsa malole. Mafunso anapempha mwini sitolo kuti achezere m'chipinda chosungira katundu, pakati pa makatoni. Anaika foni pa chitini cha utoto, n'kuyala mpango pansi pake kuti isamanjenjemere.

Kucheza kunayenda bwino. A Chidendene anafotokoza mmene amadziwira mayendedwe a munthu poona mbali imene nsapato yadyeka.

"Wothamangira basi amadya kutsogolo," anatero. "Waulesi amadya kumbuyo, chifukwa amakoka phazi. Woledzera amadya paliponse."

Patatha mphindi makumi awiri Mafunso anati, "Zikomo kwambiri, bambo. Tamaliza."

Anayamba kupinda mpango uja. Foni anaiika pambali, koma anaiwala kuizimitsa.

A Chidendene anatulutsa kalata m'thumba la malaya. "Mwanawe, tandiwerengera iyi. Magalasi ndaiwala kunyumba."

Mafunso anawayang'ana. Magalasiwo anali pamphumi pawo. A Chidendene anagwira pamphumipo, anawapeza, n'kuseka chapansipansi. Kenako kusekako kunatha.

"Wandigwira," anatero. "Ine sindidziwa kuwerenga. Ngakhale dzina langa lomwe. Ankadziwa ndi mkazi wanga yekha, ndipo iye anatisiya chaka chatha."

Mkuluyo anapitiriza.

"Ana anga atatu sadziwa. Akabwera kusukulu ndinkawauza kuti, bweretsani makope ndione. Ndinkatsegula tsamba lililonse ngati munthu wodziwa, koma ndinkangoyang'ana zochonga zofiira. Zikachuluka ndinkati, wachita bwino. Zikachepa ndinkakwinya nkhope. Nsapato za anthu sindilemba maina. Ndimamanga mfundo pa ulusi, aliyense mfundo yakeyake. Lero mwana wanga womaliza ndi mphunzitsi. Kalatayi ndi yake. Amandilembera chifukwa amati bambo amakonda makalata."

Mafunso anawawerengera. Mwana wawoyo ankati abwera kudzawaona sukulu zikatsekera. A Chidendene anamupempha kuti abwereze kawiri, kenako anapinda kalatayo bwinobwino n'kubwerera pakhonde.

3. Nzeru za Changu

Lamlungu masana Mafunso ndi Changu anakhala pa bedi, aliyense kachingwe kamodzi kukhutu, kumvera zomwe zinajambulidwa. Mawu akuti "tamaliza" atadutsa, foni inapitiriza kulankhula. Zonse zinali momwemo, zomveka bwino kuposa zoyamba zija.

Changu anadzuka n'kuomba m'manja.

"Mwana wa azakhali, walemera! Izi ndiye zenizeni. Tidule kamphindi kamodzi, pomwe akunena za makope paja. Pamwamba tilembe kuti, Bambo wa mphunzitsi sadziwa kuwerenga. Pofika mawa omvera adutsa 1,000."

"Koma sankadziwa kuti foni ikujambula."

"Unawabera? Anavomera okha kuti uwajambule. Komanso nkhaniyi ndi yabwino, anthu awamvera chisoni. Mwina ena awabweretsera nsapato zambiri."

"Nanga ana awo?"

"Iwe, mpikisano ukutseka pa 30. Ukufuna ukalowe ndi anthu 23, atatu mwa iwo achibale?"

Mafunso anatsegula pulogalamu yodulira mawu. Anadula kamphindi kaja. Analemba mutu uja. Chinatsala n'kudina basi.

Chala chili m'mwamba, anati, "Ndiyambe ndawamvetsa amalume."

"Amalume akowo akuuza zakalekale za m'ma sikisite," anatero Changu. "Pita, koma usachedwe."

4. A Mawaya

Amalume a Mafunso anali atagwira ntchito pa wailesi zaka 26 monga wojambula mawu. Atapuma anatsegula kashopu kokonza mawailesi ndi ma TV kumbuyo kwa nyumba yawo, ndipo anthu ankawatcha a Mawaya. Mafunso anawapeza ataweramira wailesi yotsegula mimba, utsi wa mtovu ukukwera pang'onopang'ono.

Anamvera gawo lonse. Kenako anamvera kamphindi kaja, n'kuwerenga mutu wake. Anavula zomvera m'makutu n'kuziika patebulo.

"Mawu wajambula bwino," anatero. "Makatoni aja akuthandiza, palibe kulira kwa chipinda. Khala pansi."

Mafunso anakhala pa TV yakufa.

"Ndili mnyamata ndinapita ndi mtolankhani wina kukajambula mayi wogulitsa masamba. Titamaliza, mayiyo anatinong'oneza kuti mwamuna wake ali kundende, koma ana anawauza kuti ali ku ntchito kutali. Tepi inali ikuzungulirabe. Ine ndinaiona kuti ikuzungulira, ndinangokhala chete. Tinaulutsa. Anthu anaikonda pulogalamuyo, abwana anatiyamikira pamaso pa onse. Patapita sabata ndinadutsa pamsika paja. Benchi la mayi uja linali lopanda munthu. Anzake anandiuza kuti ana ake anamva nkhaniyo kusukulu, kwa anzawo, akuwaseka. Mayiyo anasamuka. Kuyambira tsiku limenelo, tikafika ndi makina athu pamsikapo, aliyense ankatembenuka n'kuyamba kukonza tomato wake. Zaka zitatu palibe anatilankhula.

"Mwana wa mlongo wanga, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe ntchito yako ndi ya mlomo, ndipo mlomowo si wako wokha, ndi wa anthu amene amakukhulupirira. Munthu akati ndijambule, wavomera zimene wanena akudziwa kuti foni ikumva. Ukati tamaliza, zotsatirazo si zakonso. Wakusungitsa. Ukadina pamenepo omvera abweradi, sindikukana. Adzabwera ngati ntchentche pa bala, ndipo bala likauma adzapita. Koma wometa, wokhoma zidebe, telala, onse adzadziwa kuti mtsikana wa foni uja amaulula za m'thumba. Udzacheza ndi ndani gawo lotsatira?"

Mafunso anayang'ana pansi. "Ndiye mpikisano ndauphonya, amalume."

"Mwina. Koma tiye tione chimene chikukulepheretsa. Magawo ako umatulutsa tsiku liti?"

"Ndikamaliza kukonza."

"Ndiye tsiku liti limenelo? Basi yosadziwika nthawi palibe amaidikira. Sankha tsiku limodzi, ola limodzi, ndipo usaphonye ngakhale kugwe mvula. Chachiwiri, umayamba ndi moni wa mphindi zitatu. Ine ndine malume wako koma ndimatopa nawo. Yamba ndi mawu okoma kwambiri a mlendo wako, monga za woledzera amene amadya nsapato paliponse. Munthu akaseka, sachoka. Moni abwere pambuyo, wamfupi."

Mafunso anatulutsa kope n'kuyamba kulemba.

"Mitu yako nayonso. Gawo 7, Gawo 8. Kodi ndi zipinda za chipatala? Mutu uzinena zomwe zili m'katimo, koma usaname. Ndipo ukamamaliza usamati tiuzeni anzanu onse. Onse ndi ndani? Uziti, tumizirani munthu mmodzi amene ali ndi nsapato yong'ambika. Munthu mmodzi aliyense ali naye. Wina akakulembera, muyankhe tsiku lomwelo, umutchulenso m'gawo lotsatira. Anthu 23 ukuwanyozawo, ukanawasonkhanitsa muno sakanakwana. Unayamba wawafunsa chimene amafuna kumva?"

"Ayi."

"Dzina lako ndi Mafunso, koma omvera ako sunawafunse kanthu." A Mawaya anatenganso chowotcherera chawo. "Za kamphindi ako sindikuuza chochita. Foni ndi yako. Koma mwini mawu alipo, ndipo sakhala kutali."

5. Mwini mawu

Lolemba ataweruka kusukulu, Mafunso sanapite kunyumba. Anapeza a Chidendene akukhoma chidendene cha nsapato yachizimayi, timisomali titatu tili pakamwa.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndinaiwala kuzimitsa foni. Zonse munandiuza zija zinajambulidwa."

A Chidendene analavulira timisomali m'dzanja. "Anthu amva?"

"Ayi. Tamva ndi anthu atatu: ine, msuweni wanga ndi amalume. Ndinatsala pang'ono kuziika pa intaneti kuti ndipeze omvera ambiri. Ndinalemba ndi mutu womwe. Sindikubisirani."

Anawapatsa kachingwe ka kukhutu. A Chidendene anamvera mawu awo omwe, maso ali pamsewu. Pofika pa nkhani ya makope, anachotsa kachingweko.

"Ukanaika, ine ndikanadziwa liti?"

"Mwina mawa lake."

"Ndipo mwana wanga akanamva kwa ana a m'kalasi mwake." Anapukuta manja pa epuloni. "Nanga wabwereranji? Ukanangoika, ine ndikanakutani? Ndilibe ngakhale foni yoonera zimenezo."

"Mawuwa ndi anu, bambo. Mukati ndifufute, ndifufuta pompano."

"Fufuta."

Mafunso anawaonetsa pamene panali kachizindikiro ka bini. "Dinani nokha apa."

A Chidendene anadina ndi chala chakuda ndi polishi. Kamphindi kaja kanapita. Anadinanso, mbali yonse ya pambuyo pa "tamaliza" inapita. Mafunso anawalonjeza kuti Changu ndi amalume sadzauza munthu.

Mkuluyo analoza phazi la Mafunso. "Vula iyo. Yayamba kuseka kutsogoloko."

"Ayi bambo, musavutike."

"Vula, mwanawe. Zaka makumi anayi anthu akhala akundisungitsa nsapato zawo. Lero ndi koyamba wina kundibwezera changa chili chonse. Zikomo ya pakamwa siikwana."

Anaisoka nsapatoyo Mafunso ataima ndi mwendo umodzi, atagwira chipilala.

6. Lachisanu lililonse

Changu anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera ndi pepala lomwe analembapo mitu isanu. Anagwirizana pa umodzi: Nsapato yako imaulula mayendedwe ako.

Gawolo linatuluka Lachisanu 4 koloko madzulo. Linayamba ndi mawu a a Chidendene onena za woledzera. Pomaliza Mafunso anapempha aliyense kuti atumizire munthu mmodzi, ndiponso anafunsa kuti, "Mukufuna ndikacheze ndi wantchito yanji?"

Anayankha anthu asanu ndi mmodzi. Mafunso anawayankha onse tsiku lomwelo. Mayi wina anati amamvera akusita zovala, koma mawu a Mafunso amamveka patali kusiyana ndi a mlendo. Kuyambira pamenepo ankaika foni pakati penipeni. Dalaivala wina anapempha wokonza matayala, ndipo Lachisanu lotsatira anamva dzina lake likutchulidwa. Anaiika pulogalamuyo m'basi mwake ulendo wonse.

A Chidendene nawo sanagone. Changu anawalembera dzina la pulogalamu pa katoni, iwo n'kuikhomera pachipilala. Aliyense wobweretsa nsapato ankamuuza kuti, "Podikira, tamverani izo. Ndili momwemo ine. Mtsikana wake ndi wosunga pakamwa." Anauza telala, telala anauza wokhoma zidebe. Pasanathe masabata awiri, anthu anayi anatumiza uthenga okha kuti nawonso akufuna kucheza naye.

Pa 30 omvera anali 141.

Mpikisano unatseka Mafunso ali kunja. Analira pang'ono m'chipinda mwake, kenako anasamba kumaso n'kupita ku shopu ya amalume.

"Sanakwane," anatero.

A Mawaya anayang'ana nambalayo pa foni. "Kuchoka pa 23? Ndipo angati amamvera mpaka kumapeto?"

"Pafupifupi onse."

"Amenewo ndiye omvera. Pang'onopang'ono ndi mtolo." Anatsegula dilowa n'kutulutsa maikolofoni yakale yokulungidwa m'sokosi. "Iyi ndi imene inajambula mayi wa masamba uja. Ndinaigula pamene a wailesi ankagulitsa zakale, sindinaigwiritsepo ntchito. Ndaikonza kuti izilowa pa foni. Kaigwiritse ntchito bwino kuposa ine."

Mafunso anailandira ndi manja awiri. "Amalume, mukanapanda inu ndikanadina."

"Unabwera wekha kudzafunsa. Ine ndinangokhala pano ndi mawaya angawa."

7. Kope latsopano

Sukulu zinatsekera Lachinayi. Loweruka m'mawa Mafunso ali kuchapa kuseri kwa nyumba, mayi ake anamuitana. "Kuli alendo ako."

Pakhomo panali a Chidendene. Anali atavala jekete, nsapato zawo zikuwala. M'manja anali ndi kope latsopano ndi pensulo yosasongola.

"Ndaganiza masabata onsewa," anatero atakhala pampando. "Tsiku lija nditamva mawu anga m'khutu, ndinachita manyazi. Koma kunyumba ndinadzifunsa kuti, mkulu amene akulankhulayu walakwa chiyani? Waphunzitsa ana atatu ndi ulusi. Ndiye ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, undiphunzitse kulemba dzina langa."

"Ndikuphunzitsani, bambo. Ngakhale lero lomwe."

"Chachiwiri, mwana wanga mphunzitsi uja afika mawa. Ndikufuna ndimuuze ndekha, ndi pakamwa panga. Akamva iye, ubwere ndi foni yako ndinenenso, nthawi ino ndikudziwa kuti ikujambula. Alipo ambiri onga ine amene amaiwala magalasi tsiku lililonse."

Mafunso anathamangira m'nyumba kukatenga lezala yosongolera pensulo. Anayala kope patebulo la pakhonde n'kulemba chilembo choyamba cha dzina lawo, chachikulu, pamwamba pa tsamba. A Chidendene anagwira pensulo ngati zingano. Mzere woyamba unapindika. Wachiwiri unaima bwino.

Ali pa wachitatu, geti linalira. Kunalowa mayi wachitsikana atanyamula chikwama cha paulendo, fumbi lili m'miyendo.

"Pepani, odi," anatero. "Ndafika lero m'malo mwa mawa. Kusitolo andiuza kuti bambo anga abwera kuno, kwa mtsikana wa pulogalamu uja."

Anaima. Maso ake anachoka pa nkhope ya bambo ake n'kutsikira pa kope, pa mizere itatu ya pensulo ija.

"Bambo," anatero chapansipansi, "mukulemba chiyani?"

A Chidendene anafuna kubisa kope ndi chikhatho. Dzanja linafika pakati n'kuima. Anayang'ana Mafunso, kenako anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wawo.

"Tula chikwama, mwana wanga," anatero. "Khala apa."